Masiku Atatu mu Mzinda wa Nuremberg

Abale ndi alongo athu ambiri masiku ano akukhala m'maiko a ku Ulaya. Ena ali pa ntchito ku Britain ndi ku Ireland, ena ali pa sukulu ku Germany, ndipo pali makolo amene amaitanidwa ndi ana awo kuti akaone adzukulu. Munthu ukafika kutali chotero si bwino kuti masiku onse angothera m'nyumba ndi m'masitolo ayi. Masiku atatu okha, mutawakonzekera bwino, akhoza kupatsa banja lonse maphunziro amene ana sangadzawaiwale. M'nkhani ino tikambirana za mmene mungakonzere ulendo waufupi wopita ku Nuremberg, mzinda wakale wa m'chigawo cha Bavaria, kumwera kwa dziko la Germany.

Nuremberg ndi mzinda wachiwiri kukula m'chigawochi, woyamba ndi Munich, ndipo muli anthu oposa 500,000. Dzina lake linayamba kupezeka m'makalata m'chaka cha 1050. Ngakhale ndi waukulu chotero, gawo lake lakale ndi laling'ono, lozunguliridwa ndi linga lamiyala, moti munthu ukhoza kulidutsa wapansi m'mphindi 30. Izi n'zothandiza kwa banja loyenda ndi ana kapena agogo. Koma chifukwa chenicheni chosankhira mzindawu n'chakuti m'menemo ndimo munali amisiri ndi akatswiri amene anatsogolera dziko pa zosindikiza mabuku, mawotchi ndi sitima, m'menemonso ndimo chipani cha Nazi chinkachitira misonkhano yake ikuluikulu, ndipo m'menemo ndimo atsogoleri a chipanicho anadzazengedwa milandu. Alendo ambiri amangojambulitsa pa msika ndi pa linga n'kubwerera, atangoona theka la nkhani. Inu konzani ulendo wanu kuti mukaone mbali zonse ziwiri.

MAPEPALA NDI NJIRA

Amene ali ndi pasipoti ya Malawi, Zambia, Mozambique kapena Zimbabwe ayenera kukhala ndi viza ya Schengen. Chilolezo chokhalira ku Britain kapena ku Ireland sichilowa m'malo mwa vizayi, pakuti maiko awiriwa sali m'gulu la Schengen. Kuyambira mu Juni 2024 mtengo wake ndi mayuro 90 kwa munthu wamkulu ndi mayuro 45 kwa mwana wa zaka 6 mpaka 11, pamene ochepera zaka 6 salipira. Amafunanso inshuwalansi ya chipatala yosachepera mayuro 30,000, umboni wa kumene mukagone, umboni wa ndalama ndiponso wa ulendo wobwerera. Lamulo limalola kupempha viza kutatsala miyezi 6, tsono musadikire sabata zomalizira.

Kuchokera ku Lilongwe kapena ku Blantyre, njira yodziwika ndi yodzera ku Addis Ababa kukatsikira ku Frankfurt, kumene sitima yothamanga ya ICE imakufikitsani ku Nuremberg m'maola awiri ndi theka osakwana. Kuchokera ku Munich ndi ola limodzi ndi mphindi zochepa. Mzindawu ulinso ndi bwalo lake la ndege, ndipo sitima yapansi ya U2 imatenga mphindi 12 kuchokera ku bwaloko kukafika ku siteshoni yaikulu. Dziwani kuti pa zikwangwani simukaonapo mawu akuti Nuremberg kapena Munich. Eni ake amalemba Nürnberg ndi München, ndipo siteshoni yaikulu amati Hauptbahnhof, mwachidule Hbf.

Tikiti ya ICE imatsika mtengo mukaigula masabata angapo ulendo usanafike. Ngati mukuchokera mkati mwa Bavaria momwemo, funsani za Bayern-Ticket, tikiti ya tsiku limodzi imene anthu okwana asanu amayendera pamodzi. Imagwira ntchito m'sitima zam'chigawo zokha, osati ICE, ndipo m'kati mwa sabata imayamba 9 koloko m'mawa.

NYENGO NDI MASIKU OYENERA

Miyezi yabwino kwa munthu wozolowera dzuwa ndi Meyi, Juni ndi Sepitembala. Kuyambira kumapeto kwa Novembala kufikira pa 24 Disembala mumzindamo mumachitika msika wotchuka wa Khrisimasi, umene umakoka alendo pafupifupi 2 miliyoni. Nthawi imeneyo kumazizira kwambiri, m'misewu simupondeka ndipo mahotela amakwera mtengo. Amakweranso kumapeto kwa Januwale pamene kumachitika chionetsero chachikulu cha zidole cha amalonda.

Masiku a sabata nawonso asankheni mwanzeru. Nyumba zambiri zosungiramo zinthu zakale zimatseka Lolemba, nyumba ya khoti imene tiikambe m'munsimu imatseka Lachiwiri, ndipo Lamulungu masitolo onse amatseka kupatula ochepa a pa siteshoni. Masiku enawo masitolo a ku Bavaria amatseka pofika 8 koloko madzulo. Choncho dongosolo labwino ndi kufika Lachitatu madzulo, kuyenda Lachinayi, Lachisanu ndi Loweruka, kenaka kunyamuka Lamulungu.

Malo ogona funani mkati mwa linga kapena pafupi ndi siteshoni yaikulu. Kwa banja, nyumba yaing'ono yokhala ndi khitchini imaposa hotela, chifukwa mumadziphikira nokha. Palinso malo ogona achinyamata ndi mabanja m'nkhokwe yakale ya tirigu ya m'chaka cha 1495, pamwamba pa phiri la mafumu penipeni. Ofesi ya alendo imagulitsa Nürnberg Card, khadi la maola 48 limene limakulolani kukwera sitima ndi mabasi a mumzinda ndi kulowa m'nyumba zambiri zachionetsero. M'siteshoni mulibe zipata zoonetsapo tikiti, koma musanyengeke nazo, pakuti wogwidwa alibe tikiti amalipira mayuro 60.

CHAKUDYA

Akuluakulu anati safunsa anadya phula, ndipo ku Nuremberg mwambiwu ndi woona. Chakudya chimene mzindawu umanyadira ndi timasoseji ting'onoting'ono totchedwa Nürnberger Rostbratwurst, timene amagulitsa titatu m'kabanzi pafupifupi pa ngodya iliyonse. Timeneti ndi ta nkhumba yokhayokha, ndipo fungo lake limakopa ana, choncho auzeni musanafike. Schäufele, chakudya china chotchuka, ndi phewa la nkhumba.

Lembani mawu awa pa kapepala. Schwein ndi nkhumba, Schinken ndi Speck ndi nyama ya nkhumba yofutsa, Schweineschmalz ndi mafuta a nkhumba, pamene Butterschmalz ndi mafuta a batala amene alibe vuto. Gelatine, imene imapezeka m'maswiti otafuna ndi m'makeke ena, kawirikawiri imachokera ku nkhumba. Wein, Bier, Rum ndi Likör ndi mitundu ya mowa, ndipo ina imalowa m'makeke ndi m'chokoleti. Glühwein ya pa msika wa Disembala ndi vinyo wotenthetsa, koma Kinderpunsch ilibe mowa. Pofunsa ngati m'chakudya muli nkhumba nenani kuti, "Ist da Schwein drin?" Anthu a kumeneko sadabwa ndi funso lotere.

Musade nkhawa kuti mukagona ndi njala. Kuyambira m'chaka cha 1961, pamene Germany inagwirizana ndi Turkey zotenga anthu antchito, mabanja ambiri a Chisilamu anakhazikika m'mizinda ngati umenewu. M'dera la Gostenhof, kumadzulo kwa linga, ndi ku Südstadt, kuseri kwa siteshoni yaikulu, kuli mabutchala, magolosale ndi malo odyera a anthu ochokera ku Turkey ndi ku maiko a Chiarabu. Yang'anani mawu akuti Halal kapena Helal, ndipo pamene sanalembe funsani. M'malo odyera a eni dziko, nsomba ndiyo njira yapafupi. Kuyambira Sepitembala mpaka Epulo amakazinga nsomba ya Karpfen, imene dera limeneli limatchuka nayo, koma funsani mafuta amene akazingira ndiponso ngati m'ufa wake mulibe mowa. Mphatso yabwino yotengera kwanu ndi Lebkuchen, makeke a mtedza ndi zokometsera amene akhala akuphikidwa mumzindawu kwa zaka mazanamazana, mutawerenga kaye zolembedwa pa pakete. Madzi a pampopi ndi abwino kumwa.

SWALA PAULENDO

Nuremberg ali kutali kumpoto, ndipo nthawi za Swala zimasinthasintha kwambiri kusiyana ndi zimene tinazolowera. Mu Juni dzuwa limatuluka cha m'ma 5 koloko n'kukalowa itadutsa 9 koloko usiku, moti Isha imafika usiku kwambiri pamene Fajr imabwera msanga. Mu Disembala limatuluka itadutsa 8 koloko n'kulowa 4 koloko itangopitirira, ndipo Dhuhr, Asr ndi Maghrib zimatsatana pafupipafupi. Tengani ndandanda ya nthawi ya mzinda womwewo. Ku Malawi Qibla ili chakumpoto, koma ku Nuremberg mukayang'ana pakati pa kum'mawa ndi kumwera. Wotchi yanu simukaisintha ngati mwapita pakati pa Epulo ndi Okutobala, chifukwa nthawi imafanana ndi ya ku Malawi, koma m'miyezi yozizira Germany imatsalira ndi ola limodzi.

Chipembedzo chathu chinamupeputsira zinthu wapaulendo. Malinga ndi chiphunzitso cha Imam Shafi'i, amene akufuna kukhala pamalo masiku osakwana anayi, osawerengera tsiku lofika ndi lonyamuka, akhoza kufupikitsa Swala za maraka anayi kukhala awiri, ndiponso kuphatikiza Dhuhr ndi Asr, Maghrib ndi Isha. Dongosolo la masiku atatu limene tapereka likulowa m'malire amenewa. Otsata Imam Abu Hanifa amafupikitsa ngati akhala masiku osakwana 15, koma saphatikiza.

Mumzindamo muli mizikiti ingapo, ndipo umodzi mwa ikuluikulu ndi wa Eyüp Sultan, mumsewu wa Kurfürstenstraße, kumwera kwa siteshoni. Mizikiti yambiri ya ku Germany ili m'nyumba zimene kale zinali za ntchito zina, simukamva Adhana ya panja, tsono funsiranitu njira. Jumu'a imakhala itadutsa 1 koloko m'miyezi yofunda ndipo itadutsa 12 koloko m'miyezi yozizira. M'zimbudzi za kumeneko mulibe madzi odziyeretsera, choncho yendani ndi kabotolo, kansalu koswalirapo ndi ndalama zachitsulo, chifukwa zimbudzi zambiri n'zolipira.

TSIKU LOYAMBA: MZINDA WA MAFUMU NDI AMISIRI

Yambani m'mawa ndi kukwera phiri kupita ku Kaiserburg, nyumba ya malinga imene mafumu aakulu a Chijeremani ankafikira kwa zaka pafupifupi 500. Lamulo la m'chaka cha 1356 linanena kuti mfumu yatsopano iliyonse izichititsa msonkhano wake woyamba ku Nuremberg. Pamwambapo mukaona mzinda wonse ndi madenga ake ofiira, ndi mtsinje wa Pegnitz umene umaugawa pawiri. Ana akasangalala ndi chitsime chokumbidwa m'thanthwe, chakuya pafupifupi mamita 50. Wosonyeza alendo amathiramo madzi, ndipo mumadikira kanthawi musanamve akugwa pansi.

Potsika mukafika pa nyumba ya Albrecht Dürer, katswiri wojambula amene anabadwa m'chaka cha 1471 ndipo anakhala m'nyumbayo kuyambira 1509 mpaka imfa yake mu 1528. Afotokozereni ana za chipembere chake. M'chaka cha 1515 ku Lisbon kunafika chipembere chimene Sultan Muzaffar Shah wa ku Gujarat anapereka kwa Apwitikizi ngati mphatso. Dürer sanachione ndi maso, anangolandira kalata ndi kachithunzi, n'kujambula nyama yokhala ngati yavala zovala zachitsulo za msilikali. Kwa zaka zoposa 200 anthu ambiri a ku Ulaya ankakhulupirira kuti chipembere chimaoneka choncho.

Yesetsani kufika pa msika waukulu wa Hauptmarkt 12 koloko isanakwane. Nthawi imeneyo wotchi ya m'chaka cha 1509, imene ili pa tchalitchi cha Frauenkirche, imatulutsa tizidole ta akalonga asanu ndi awiri tozungulira mfumu Charles IV. Pambali pake pali kasupe wokongoletsedwa wa Schöner Brunnen, wotalika mamita 19. Mukaona alendo ali pamzere kutembenuza mphete ya pa mpanda wake ati kuti apeze mwayi. Inu oneni luso la amisiri n'kupitirira, mwayi suchokera m'chitsulo. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pamalo pamene pali msikawo panali nyumba za Ayuda. Mu Disembala 1349 nyumbazo zinagwetsedwa, Ayuda 562 anaphedwa, ndipo tchalitchicho chinamangidwa pamene panali sunagoge wawo. Sungani nkhani imeneyi m'mutu, mukaifuna tsiku lachiwiri.

Kuchoka pa msika, imani pa mlatho wa Museumsbrücke muyang'ane Heilig-Geist-Spital, chipatala chakale cha osauka ndi okalamba chimene mbali yake inamangidwa pamwamba pa mtsinje. Kuyambira 1424 mpaka 1796, chisoti ndi zovala zimene ankalongera nazo mafumu aakulu zinkasungidwa m'tchalitchi cha chipatalachi. Pakati pa zovalazo panali mkanjo wofiira wa silika, wokhala ndi zithunzi za mikango itagwira ngamila. Unasokedwa ku Palermo pa chilumba cha Sicily, chimene chinakhalapo m'manja mwa Asilamu, ndipo m'mphepete mwake munalembedwa mawu a Chiarabu otchula chaka cha 528 cha Hijra, chimene ndi 1133 kapena 1134. Kwa zaka mazana angapo mafumu a Chikhristu ankalongedwa atavala mkanjo wa zilembo za Chiarabu. Mkanjowo tsopano uli ku Vienna. Malizani tsikuli ndi kuyenda mu Weißgerbergasse, kamsewu ka nyumba zakale za mitanda yamatabwa.

Pamene mukuyenda dziwani kuti zambiri zimene mukuonazo zinamangidwanso. Usiku wa pa 2 Januwale 1945 ndege za nkhondo za Britain zinaponya mabomba amene anapha anthu pafupifupi 1,800, ndipo pomatha nkhondo gawo lakale la mzindawu linali bwinja.

TSIKU LACHIWIRI: NZERU ZA MUNTHU NDI KUDZIKUZA KWAKE

M'mawa pitani ku Germanisches Nationalmuseum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inakhazikitsidwa mu 1852. Ndi yaikulu kwambiri moti simungaimalize, tsono sankhani zochepa. Choyamba ndi mpira wa chithunzi cha dziko lapansi umene Martin Behaim anakonzetsa mu 1492, wakale kwambiri mwa yonse imene ilipo. Auzeni ana afufuzepo Africa, kenaka afufuze America. Sakampeza, chifukwa mpirawo unayamba kupangidwa Columbus asanabwerere ku ulendo wake woyamba.

Nyumbayi imasunganso zida zoyezera nyenyezi zotchedwa astrolabe, zina zolembedwa m'Chiarabu, ndipo chimodzi chinapangidwa ku Zaragoza, ku Spain wa Asilamu, cha m'ma 1080. Zida zotere ankadziwira nazo nthawi za Swala ndi kumene kuli Qibla. Nzeru zimenezi zinafika ku Nuremberg kudzera m'mabuku. Fakitale yoyamba ya mapepala m'dziko la Germany inatsegulidwa mumzindawu mu 1390, ndipo luso la mapepala linafika ku Ulaya kudzera m'maiko a Asilamu. Mu 1537 wosindikiza wina dzina lake Johannes Petreius anatulutsa m'Chilatini mabuku a akatswiri a nyenyezi al-Farghani ndi al-Battani. Mu 1543 munthu yemweyo anasindikiza buku la Copernicus lonena kuti dziko limazungulira dzuwa, ndipo m'bukulo Copernicus anatchula al-Battani kangapo.

Pakhomo pa nyumbayi pali Msewu wa Ufulu wa Anthu, umene unatsegulidwa mu 1993. Uli ndi mizati yoyera 27, ndipo mfundo 30 za ufulu wachibadwidwe zimene United Nations inavomereza mu 1948 zinalembedwa m'Chijeremani ndi m'zinenero zina. Chapafupi, pa chipata cha Kartäusertor, pali chikumbutso cha anthu amene gulu lina lotsata maganizo a Nazi linapha. Atatu mwa iwo, amalonda ang'onoang'ono ochokera ku Turkey, anaphedwa mu Nuremberg momwemo m'zaka za 2000, 2001 ndi 2005.

Mukachoka ku Jumu'a, kwerani tramu, sitima yaing'ono yoyenda m'misewu, mukatsike pa siteji ya Doku-Zentrum, kumwera chakum'mawa kwa mzinda. Kumeneko ndiko chipani cha Adolf Hitler chinkachitira misonkhano yake ya chaka ndi chaka kuyambira 1933 mpaka 1938, pa malo okwana masikweya kilomita 11. Mukaona chinyumba cha Kongresshalle chimene anafuna kuti muzilowa anthu 50,000 koma sichinathe, ndi nsanja ya Zeppelinfeld pamene Hitler ankaima polankhula kwa makamu a anthu. Lero m'ming'alu ya miyala yake mukumera udzu. M'mbali mwa Kongresshalle muli chionetsero cha mbiri chimene chinatsegulidwa mu 2001. Ntchito yochikonzanso inayamba mu 2021, choncho funsani ku ofesi ya alendo za mbali zimene zili zotsegula.

Pa msonkhano wa m'chaka cha 1935, pa 15 Sepitembala, analengeza malamulo amene amatchedwa dzina la mzindawu. Malamulowo analanda Ayuda ufulu wa unzika ndi kuletsa ukwati pakati pa iwo ndi Ajeremani ena, ndipo patangopita miyezi iwiri chiletso cha ukwaticho chinakhudzanso anthu akuda ndi a mtundu wa Roma. Pomafika 1945 Ayuda 6 miliyoni anali ataphedwa. Makolo anzanga, apa ndi pamene pali phunziro la ulendo wonse. Anthu amene anachita izi sanali mbuli ayi, anali a dziko la masukulu, mabuku ndi makina. Anayamba ndi mawu onyoza mtundu wa anzawo, mawuwo anasanduka malamulo, malamulo anasanduka manda. Mwana amene waima pa nsanja imeneyo n'kumva nkhaniyi adzaganiza kawiri asananyoze mnzake chifukwa cha mtundu, khungu kapena chipembedzo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Zithunzi za m'chionetserocho n'zolemera kwa ana osakwana zaka 14. Kholo limodzi likhoza kutsala nawo panja, kuyenda m'mphepete mwa nyanja yaing'ono ya Dutzendteich imene ili pomwepo. Achinyamata achenjezeni kuti kukweza mkono mwa sawatcha ya Hitler, ngakhale mwanthabwala pojambulitsa, ndi mlandu ku Germany.

TSIKU LACHITATU: KHOTI NDI SITIMA

Kwerani U1 mukatsike pa Bärenschanze, pafupi ndi nyumba ya makhoti ya mumsewu wa Fürther Straße. M'chipinda nambala 600 cha nyumbayi ndimo atsogoleri a Nazi anazengedwa milandu kuyambira pa 20 Novembala 1945 mpaka pa 1 Okutobala 1946, pamaso pa oweruza ochokera ku America, Britain, France ndi Soviet Union. Mwa anthu 22 amene anaweruzidwa, 12 analamulidwa kuphedwa, atatu kukhala m'ndende moyo wonse, anayi zaka zowerengeka, ndipo atatu anamasulidwa. Alipo amene amati awa anali opambana nkhondo akuweruza ogonja, ndipo mfundoyo imakambidwabe. Komabe m'chipinda chimenechi munakhazikika mfundo ziwiri zikuluzikulu: kuti udindo waukulu m'boma suteteza munthu ku mlandu, ndiponso kuti kunena kuti "ndinangotumidwa" sikuchotsa mlandu pa wochita choipa.

Panatsatira milandu ina 12 kufikira mu 1949. Umodzi unali wa madokotala amene ankayesera mankhwala ndi zinthu zoopsa pa akaidi, ndipo m'chigamulo chake cha mu 1947 munatuluka lamulo lakuti munthu asayesedwepo kafukufuku wa chipatala popanda kuvomera mwa kufuna kwake. Pepala limene anthu amasaina lero asanalowe m'kafukufuku wotere mizu yake ina ili pamenepo. Chionetsero cha milanduyi chinatsegulidwa mu 2010, ndipo pakhomo amapereka kachipangizo kofotokoza zonse m'Chingerezi. Patulani maola awiri.

Masana apatseni ana gawo lawo. Sitima yoyamba ya nthunzi yonyamula anthu m'dziko la Germany inanyamuka ku Nuremberg pa 7 Disembala 1835 kupita ku Fürth, mtunda wa makilomita 6. Ku DB Museum, pafupi ndi siteshoni yaikulu, kuli chifanizo cha injini yake yotchedwa Adler, mabogi agolide a mfumu Ludwig II ndi malo osewerera ana. Aang'ono kwambiri akhoza kukonda nyumba ya zidole ya Spielzeugmuseum. Pobwerera kwerani U2 kapena U3 mukhale kutsogolo kwenikweni, pakuti sitima zimenezi zimayenda zopanda dalaivala. Zogula zonse malizani Loweruka lomwelo 8 koloko isanakwane.

ZOTI MUSAIWALE

Galimoto za ku Germany zimayenda kumanja kwa msewu, choncho powoloka yambani kuyang'ana kumanzere, ndipo musaime m'kanjira ka njinga. Masoketi a magetsi ndi a mabowo awiri obulungira, tsono gulani adaputala. Misewu ya mzinda wakale ndi ya miyala, valani nsapato zofewa. Yendani ndi ndalama zina m'thumba poti malo ena salandira khadi. Mabotolo a pulasitiki a zakumwa musataye, mukawabweza ku sitolo amakubwezerani masenti 25 pa ambiri mwa iwo. Pa ngozi kapena matenda adzidzidzi imbani 112.

Ena akakuuzani kuti muonjezere Bamberg kapena Regensburg, mizinda yokongola imene ili pa mtunda wa ola limodzi pa sitima. Ngati muli ndi tsiku lachinayi, pitani. Ngati mulibe, musathamangitse banja, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Madzulo alionse khalani pansi ndi ana, aliyense anene chimodzi chimene chamusangalatsa ndi chimodzi chimene chamumvetsa chisoni, ndipo wamkulu mwa iwo azilemba m'kabuku. Kabuku kameneko mukakawerengere abale amene anatsala kumudzi. Allah akuyendetseni bwino ndi kukubwezani mwamtendere.